Mzere wa pa Khosi la Njinga

A Galasi analibe zidindo za zala. Makina a ku banki aja amene umaikapo chala kuti akuzindikire ankangoyaka kofiira. Kalaliki ankawapukuta chalacho ndi kansalu, n'kuwauza kuti ayesere china, mpaka zala zonse kutha, anthu a pamzere atayamba kale kung'ung'udza. Zidindozo zinapita ndi sanipepa, pepala lokhakhala lija lokwechera zitsulo. Nsonga za zala zawo zinasalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha, ndipo m'mizere ya zikhatho munalowa zakuda zimene ngakhale akazi awo, munthu wosagonja pa nkhani ya litsiro, anazitaya mtima kalekale.

Ntchito yawo inali yovula zitsulo. Ndimo mmene ankanenera eni akewo. Anthu ankabwera ndi mabedi achitsulo akalekale, mipando ya pakhonde, mageti, miyendo ya makina osokera, zoikapo makandulo za ku tchalitchi, zonse zitapakidwa utoto pamwamba pa utoto. Iwo ankachotsa wonsewo mpaka chitsulo chitsale chamaliseche, kenako n'kuchikwecha ndi manja mpaka munthu adzionerepo nkhope. Dzina la Galasi linachokera pamenepo, ndipo linakula mpaka kumeza dzina lawo lenileni.

Anayamba ali achinyamata pa galaja ina, kukwecha magalimoto ochita ngozi kuti opopera utoto apopere. Kumeneko ndi kumene anaphunzira mmene bodza limapangidwira: pobowoka amamata, pomata amasalaza, posalaza amapopera, galimoto n'kutuluka pageti ikumwetulira ngati sinapheko munthu. Chimene chinawachotsa pa galajapo sichinali bodzalo ayi. Chinawawawa n'chakuti ntchito ya manja awo inkakwiriridwa tsiku lomwelo. Ukwecha tsiku lonse, chitsulo chiyamba kuwala, kenako pabwera wina woimba mluzu n'kuchiphimba.

Kuno anthu amakhulupirira utoto kuposa mankhwala. Mlendo akamabwera amapaka, khoma likang'aluka amapaka, chinthu chikakalamba sachifunsa kuti chikumva bwanji, amangochipaka. M'mizinda ina ntchito ngati ya a Galasi imagwiridwa ndi makina opopera mchenga, munthu atavala ngati akupita kumwezi, ndipo bedi lonse limavulidwa tiyi asanazizire. Iwo analibe zimenezo. Anali ndi kashedi kamalata kuseri kwa mzere wa mashopu, kofikako podutsa kanjira kopapatiza ndi matabwa awiri oyalidwa pa ngalande. M'katimo munali tebulo lokhala ndi chopanira zitsulo, chigubu chodula pakati chodzaza madzi otuwa oviikamo sanipepa, ndi mulu wa nsanza za malaya akale. Masanipepa ankawapachika pa misomali kuyambira wokhakhala ngati lilime la ng'ombe mpaka wosalala ngati tsaya la khanda. Fungo la mankhwala ochotsera utoto linalowa m'malata, m'zovala, ndi m'chifuwa mwawo, moti akatsokomola wowotcherera wa shedi yoyandikana nayo ankadziwa kuti anzake afika. Wowotchererayo ankatchedwa Chiphaliwali, mwamuna wa pakamwa posatseka amene ankalankhula ngakhale nkhope ili m'chigoba.

Tsono vuto la munthu amene amaona pansi pa utoto n'lakuti sakhulupiriranso kanthu. A Galasi sankatsamira zitsulo za m'mbali mwa mlatho. Pansi pa thanki yamadzi sankadutsapo. Ndipo mantha onsewa anatsanulidwira pa mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi. Mtsikanayo sanakwereko katungwe wa pasukulu, chifukwa bambo ake anapita kukaona unyolo wake n'kubwerako nkhope ili gwa. Ulendo wa kalasi yonse wa pa basi anatsala, chifukwa bambo ake anasuzumira pansi pa basiyo. Njinga anaphunzira mobisa kwa anzake, mabala a m'maondo n'kumanamizira mpira. Pofika msinkhu woyankha anayamba kuyankha, ndipo Chiphaliwali anamutcha Namakani, dzina n'kukanirira. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi, nkhani zake ndi bambo ake zinali zitafupika mpaka kutsala moni, mwadya, ndapita.

Ntchito anaipeza pa sukulu ina ya kutsidya kwa mtsinje, kumene minibasi sizifika bwino. Njira ya kumeneko ndi imodzi: msewu wa malole umene umatsetsereka kuchokera kumsika, mtsetse wautali wokhota kawiri, n'kukathera pa mlatho wopapatiza. Namakani sanafunse munthu. Anangotulukira ndi njinga yakaunjika, yopepuka moti unkainyamula ndi dzanja limodzi, koma yopakidwa utoto wobiriwira wa pageti, wopaka ndi burashi, wa mabuluma ngati phala losavundula.

Madzulo amenewo a Galasi anayamba nyimbo yawo ya nthawi zonse. Anatchula mtsetse, anatchula malole opanda mabuleki, anatchula mlatho. Namakani anawasiya amalize.

“Ababa, ndamva. Chilichonse chimapha. Supuni nayonso imapha.”

A Galasi anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, monga zinkathera zonse. Koma m'mawa mwake anamva matabwa a pangalande akulira, ndipo atadzutsa mutu anaona mwana wawo ataima pakhomo la shedi, akukankha njinga ija. Sanapondeko kumeneko chichokereni ku pulayimale. Anaima ngati mlendo, akuyang'ana misomali ya masanipepa, kenako anati amuvulire njingayo, iwale mpaka ana asukulu azidzionera mano. Anati ntchito ayamba Lolemba.

A Galasi sanali munthu wopusa. Anadziwa kuti chimene chabwera si njinga yokha. Mwana amene kale ankawapempha kuti asamabwere ku misonkhano ya makolo ndi manja amenewo, lero wabweretsa chinthu chake m'manja omwewo. Anangoti aisiye, koma atachoka anakhala kanthawi atagwira chishalo, ndipo Chiphaliwali anafuula kudzera pa bowo la malata kuti madala asalire pafupi ndi waya wamagetsi.

Anachotsa matayala, tcheni, chishalo ndi mahandulo, n'kupachika felemu yokhayokha ndi waya kudenga. Anaipaka mankhwala aja n'kudikira. Utoto unayamba kufufuma, kuchita makwinya ngati khungu lopsa ndi madzi otentha, ndipo anaupala ndi kathabwa kosongola, osati chitsulo, chifukwa anali atazindikira kale kuti felemuyo ndi ya aluminiyamu, yofewa, yosachedwa kukalika. Pansi pa wobiriwira panali wakuda. Pansi pa wakuda panali wofiira wa ku fakitale, wouma mtima, umene unafuna mankhwala kachiwiri ndi burashi ya waya m'makona.

Aluminiyamu sankamukonda kwenikweni. Chitsulo wamba chimadandaula: chimachita dzimbiri, chimalira, chimapindika chisanathyoke, chimakupatsa nthawi yoti utsike. Aluminiyamu ali ngati munthu wosalankhula pamaliro. Umaona ngati walimba mtima, kenako wangogwa.

Anaona mzere wina masana, dzuwa litalowa pa bowo la denga. Unali kunsi kwa paipi yaikulu imene imachoka pakhosi la njinga kutsikira ku mapedulo, pafupi penipeni ndi powotcherera. Unali woonda ngati tsitsi, wamfupi kuposa chikhadabo. Pamalo amenewo utoto wobiriwira unali wochindikala kuposa pena paliponse, ndipo zimenezo anaziona. Anayendetsapo chikhadabo cha chala chachikulu, n'kumva chikukodwa pang'ono, pang'ono kwambiri.

Munthu wina aliyense akanaima pamenepo. Wowotcherera akanaima, makaniko akanaima. Koma a Galasi anali atakhala moyo wawo wonse akuthamangitsa mizere. Kwa iwo mzere pa chitsulo ndi chinthu chimene chimafunika kuchoka, monga mmene mayi amachotsera mamina pa mphuno ya mwana asanaganize n'komwe. Mtima unati ndi pokalika chabe, mwina ndi burashi ya waya ija. Dzanja linali litafika kale pa msomali, litaviika kale sanipepa m'chigubu. Anakwecha pamenepo, madzi otuwa akutsikira m'chigongono, ndipo pamene mutu unkafika pa funso lakuti n'chifukwa chiyani wopaka uja anaunjika utoto pamalo amodzi, mzere unali utapita.

Anaima, n'kuyendetsaponso chikhadabo. Sichinakodwe.

Anapitiriza ntchito, chifukwa panalibe china chochita ndi manja. Sanipepa aliyense amafufuta mabala a mnzake wam'mbuyo n'kusiya ake ang'onoang'ono, ndipo iwo ankasintha mbali yokwechera nthawi iliyonse, uyu chopingasa, winayo chotsata paipi, kuti aone ngati am'mbuyo atha. Felemu inachoka pa kutuwa kwa phulusa kufika pa kutuwa kwa mtambo. Kenako anatenga polishi pa nsanza n'kuyamba kupukuta, nsanza ikuda bii, n'kutenga ina, n'kudanso. Mapewa ankayaka moto. M'makona mosalowa chala ankakulunga nsanza pa kamtengo. Ndipo pang'onopang'ono shedi yonse inayamba kulowa m'chitsulocho: denga, misomali, khomo lowala, ndi nkhope yawo yomwe, yotalika ndi yopindika.

Inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene anagwirapo. Zimenezo ankazidziwa. Ndipo paliponse pamene ankapukuta, dzanja linkabwerera lokha kunsi kwa khosi kuja, kukapukutanso pamalo poyera kale.

Namakani anabwera kudzaona. Anazungulira felemu ili lende pa waya, anaijambula ndi foni, anadzijambula nkhope yake ili m'paipi. Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo chikulireni: anagwira dzanja la bambo ake, lakudalo, n'kulitembenuza kuti aone chikhatho. Anangofunsa ngati amadya masana kuno. A Galasi anatsegula pakamwa kuti anene za mzere uja, koma zimene zinatuluka zinali zakuti aisiye kaye, aimange bwinobwino, adzaitenge Lamulungu.

Loweruka anaimanga. Anabwezera matayala, anathira mafuta tcheni, anamangitsa mabuleki mpaka kugwira ngati mano a galu. Kenako anatseka shedi dzuwa likadali pamutu, n'kuyenda wapansi kupita kumtsetse.

Anautsika wonse. Pokhota poyamba anadutsidwa ndi lole yodzaza miyala, ikulira ndi giya, ikusiya fungo la mabuleki opsa. Pokhota pachiwiri msewu unapendekera kunja. Koma chimene anabwerera chinali kumunsi, pamene phula limakumana ndi simenti ya mlatho. Pamenepo panali chitunda chaching'ono ndi dzenje, ndipo anaima m'mbali kuonerera okwera njinga akufikapo ndi liwiro lonse la phirilo. Tayala lakutsogolo linkamenya, njinga n'kunjenjemera, wokwera n'kugwadira mahandulo. Kulemera konse kwa munthu, katundu ndi mtsetse kunkathera pakhosi. Malole ankatsatira m'mbuyo mwawo pafupi moti woyendetsa akanatha kuwerenga zolemba pa malaya. M'ngalande ya m'mbali munali magalasi oswekasweka ndi nsapato imodzi ya mwamuna, yabwinobwino, zingwe zili zomanga.

Anabwerera ku shedi n'kuitana Chiphaliwali. Wowotchererayo anakweza chigoba chake pamutu, anagwada, anasuzumira kunsi kwa khosi kwa nthawi yaitali.

“Madala, mwandiitana kuti ndidzaone kuti ndine woipa nkhope? Zimenezo akazi anga amandiuza kwaulere.”

Koma atamva nkhani yonse anasiya kuseka. Anati njira ilipo, ya akale: kupaka parafini pamalopo, kudikira alowe, kupukuta pauma, kenako kuwazapo ufa wa choko. Ngati pali mng'alu, parafini wobisala m'katimo amatuluka n'kudetsa choko, mzere n'kuonekera wokha ngati wolemba ndi pensulo. Choko anakachitenga kunyumba, m'kabokosi katsopano kamene Namakani anagula pokonzekera Lolemba. Anachipera pa sanipepa, anachita zonse monga ananenera, n'kukhala pansi awiriwo kuyang'ana kachigamba koyera pansi pa paipi.

Choko chinakhala choyera. Anadikirabe. Chinakhalabe choyera.

A Galasi anali atayamba kale kuimirira pamene anaona kuti mnzawoyo akukanda m'mutu. Chiphaliwali anati asafulumire kuvina. Aluminiyamu ndi wofewa, ndipo ukamukwecha kwambiri amayenda ngati batala pa buledi, n'kuphimba pakamwa pa mng'alu. Kunsi mng'alu ulipobe, koma pamwamba patsekedwa ndi kakhungu kopyapyala kuposa pepala, ndipo parafini alibe polowera. Kubwerera ku sanipepa wokhakhala sikungathandize, nayenso amapaka chimodzimodzi. Anayesa kuunika ndi foni kudzera pakhosi, koma paipiyo inali yotseka mbali imeneyo.

“Mukanandiitana musanaigwire. Panopa mwaitseka pakamwa nokha. Wopaka utoto uja anabisa, inu mwakwirira.”

Anawonjezera kuti ngakhale mng'aluwo utapezeka, makina ake sawotcherera aluminiyamu. Ndipo kuti mwina unalidi pokalika chabe. Mwina. Njira yokhayo yodziwira inali kuona paipiyo m'kati, kumene sanipepa sanafike, ndipo m'kati mwa paipi munthu amaonamo akaidula.

A Galasi anauza akazi awo nkhaniyi Lamulungu m'mawa, mayiwo ali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Mayiwo anamvetsera atalumira zopanira zovala pakamwa. Anafunsa ngati mzerewo akuuona panopa. Anafunsa ngati choko chija chinaonetsa kanthu. Anafunsa ngati Chiphaliwali anauona ndi maso ake. Mayankho onse anali ayi. Anachotsa zopanira pakamwa.

“Bambo ake, mwanayu wabwera yekha kudzakupatsani dzanja. Mukalikana ili, lachiwiri kulibe.”

Kenako, akukung'untha shati, ananena motsitsa mawu kuti komanso mwana alibe wachiwiri. Sanasankhe mbali. Anawasiyira zonse ziwiri m'manja n'kulowa m'nyumba.

A Galasi anamuuza Namakani za mzerewo atatha kudya masana. Mtsikanayo anali akusita diresi la mawa lake pa tebulo, akuimba chapansipansi. Anamvetsera osadzutsa mutu, ayironi ikupita ndi kubwera, ndipo nyimbo ija inazima pang'onopang'ono.

“Ndionetseni.”

“Unalipo. Ndinaufufuta.”

“Munaufufuta.”

Anaimika ayironi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinawaopsa kuposa kukuwa. Anati anadabwa kale kuti zatheka bwanji kuti sabata yonse ithe osapeza kanthu. Anati katungwe uja alipobe mpaka lero, ana a anzake akukwerapo. Basi ija inapita n'kubwerako, anzake anamubweretsera chithunzi. Anati iye anaganiza kuti akawapatsa njingayo m'manja mwawo, aione okha mpaka m'mafupa, ndiye kuti kamodzi kokha pa moyo wake adzamva bambo ake akunena kuti pita, chinthu ichi n'cholimba. Tsopano chitsulo chili mbee, choko chawo chomwe chawatsutsa, koma mzere ulipobe, m'mutu mwawo. Anati akamaliza kusita apita kukaitenga, akayesere mtsetse lero kukadali kowala, kuti mawa asakachite chilendo.

A Galasi anafuna kunena kuti ulendo uno n'zosiyana. Koma anakumbukira kuti mawu omwewo anawanenanso pa basi ija. Anavala nsapato n'kutuluka.

Lamulungu mzere wa mashopu umakhala wotseka. Kanjira kaja kanali zii, shedi ya Chiphaliwali ili ndi loko, galu wina atagona pa mulu wa zitsulo. Anatsegula, kuwala n'kugwera pa njinga. Inaima pakati pa nsanza ndi zigubu ngati chinthu chosochera kuchokera kudziko lina. Anagwira mabuleki akutsogolo n'kuikankha ndi thupi lonse, khutu lili pafupi ndi khosi. Palibe chinalira. Anaikweranso, n'kudzigwetsera pa mahandulo. Anamva kakuti the, kamodzi, koma sanadziwe ngati kachokera m'chitsulo, m'chishalo kapena m'bondo lawo lomwe.

Anachotsa tayala lakutsogolo, anakulunga felemu ndi nsanza kuti chopanira chisaikande, n'kuimanga pa tebulo chagada. Atamanga ndi pamene anazindikira kupusa kwa nsanzayo, koma anaisiya. Anatenga sowo yodulira zitsulo pa msomali.

Anadziwa bwino chimene akuchita. Felemu yodulidwa sibwereranso. M'kati mukapezeka moyera, ndiye kuti adula njinga yabwinobwino ya mwana wawo chifukwa cha tsitsi limene analiona okha, ndipo mwanayo sadzawakalipira n'komwe. Adzangosamuka, adzagula njinga ina kumene iwo sadzaiona, ndipo moni uja, mwadya uja, nazonso zidzatha. Akaisiya, mwina adzamuona akubwerako madzulo aliwonse akuseka, chaka ndi chaka, iwo n'kukhala nkhalamba yamantha imene inalakwitsanso. Kapena tsiku lina kudzabwera munthu wothamanga kuchokera kumlatho. Tsoka silinunkha. Anayeza chikhatho chimodzi kuchokera pakhosi, anaika mano a sowo pa nkhope yawo yomwe inkaoneka m'chitsulomo, n'kukoka.

Kulira kwa sowo pa paipi yopanda kanthu m'kati kumamveka patali. Anali atafika pakati pamene matabwa a pangalande analira. Mapazi anafulumira, kenako anaima pakhomo, mthunzi n'kugwera pa tebulo.

“Ababa.”

Sanatembenuke. Akanatembenuka akanasiya, ndipo kusiyira pakati kunali kuipa kwa mbali zonse ziwiri. Sowo inatulukira kunsi. Paipi inali itaduka, koma mbali ziwirizo zinayang'anizanabe, osasiya mpata woonera. Panafunika kudulanso chakumunsi kuti kachidutswa kachoke. Anasuntha sowo n'kuyambanso, mwana wawo ali chilili kumbuyo kwawo, ndipo kudula kwachiwiriku kunatalika kuposa ntchito yonse ya sabata. Ufa wa aluminiyamu unkagwera pa nsapato zawo ngati shuga. Namakani sanawagwire dzanja, sanalire. Ankangopuma, ndipo ankamumva kupumako pakati pa kukoka ndi kukankha.

Kachidutswa kanagwa pansi, kanalira ngati belu, n'kugubuduzika kukaima pa phazi la mtsikanayo.

Tsopano paipi ya kukhosi inali yasamu, bowo lakuda loyang'ana kudenga. A Galasi anaika sowo pansi. Anapeza kuti sangathe kusuzumira. Anapempha mwana wawo, ndi mawu amene sanamveke ngati awo, kuti awaunikire ndi foni.

Namakani anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa foni, anayatsa tochi, koma sanawapatse. Anawadutsa, anawerama yekha, n'kuika diso pa bowolo.

Iwo anayang'ana nkhope yake m'chitsulo chowala cha m'mbali, mmene inali yopindika moti sukanadziwa ngati ikuseka kapena ikulira. Namakani anasuntha tochi kumanzere. Anaisunthanso kumanja, pang'onopang'ono, ngati akutsatira nyerere. Analowetsa chala m'paipimo mpaka pothera, n'kuchitulutsa chili ndi ufa wakuda. Anachiyang'ana, n'kusuntha kuti bambo ake aone.

M'katimo chitsulo chinali chotuwa, chosakhudzidwa chichokereni ku fakitale. Ndipo mzere unalipo. Sunali wamfupi ngati chikhadabo. Unayambira kunsi, pamene anauona paja, n'kukwera mbali zonse ziwiri motsata powotcherera, wakuda, wa mano ngati mphezi, kupitirira theka la paipi. Chimene chinkagwira khosi la njingayo chinali kachigawo ka pamwamba ndi kakhungu kowala kamene anakapanga okha.

A Galasi anayembekezera kuti amva kupepuka, kapena kanthu kena kofanana ndi kupambana. Palibe chimene chinabwera.

Namakani anabwerera chambuyo mpaka miyendo inagunda mulu wa nsanza, n'kukhala pomwepo ndi siketi yake ya Lamulungu. Polankhula, anayang'ana pansi, pa kachidutswa kaja.

“Tsiku limene ndinagula ndinatsika nayo. Mpaka pamlatho. Ndinasiya mabuleki kuti ndimve mmene imathamangira.”

A Galasi anatsamira tebulo. Kutali, kupyola madenga a mashopu, lole ina inali itayamba kutsika mtsetse, ikubuula ndi giya, ndipo onse awiri anaimvetsera ikukhota koyamba, ikukhota kachiwiri, mpaka inagunda pamlatho n'kupitirira.

Mtsikanayo anapukuta chala chakuda chija pa nsanza, koma ufawo unangofalikira. Ananena kuti mawa adzuka m'mamawa, ayenda wapansi. Kenako anakhala ngati wakumbukira kanthu, n'kudzutsa mutu.

“Ababa, munthu uja anandigulitsa njingayi anali nazo zambiri. Mzere wonse, utoto womwewu.”

Tochi ya foni inali ikuyakabe pa miyendo pake, ikuunika denga masanasana. Palibe amene anaizimitsa.